KODI NKOYENERA KUBISA MLANDU WOLIPIDWA NDI MSONKHO?

M'dziko la America muli nyumba ya malamulo yochedwa Congress, imene imasonkhana mu mzinda wa Washington. Kwa zaka zambiri aphungu a nyumbayi anali kupangira anthu ena malamulo a panchito, pamene ambiri a malamulowo sanali kuwamanga iwo eni. M'caka ca 1995 anabvomera kuti awamange iwonso, kuti kalaliki kapena mlonda wozunzidwa pa nchito yace akhale ndi kodandaula. Koma njira yace inali yaitali. Wodandaula anayenera kutha masiku 30 akulandira malangizo, ena 30 akuyanjanitsidwa ndi womlakwira, ndi enanso 30 akudikira, asanaloledwe kunka ku bwalo la mirandu. Ndipo mlandu ukatha ndi cipepeso, ndarama zace zinali kucokera m'thumba la Boma, ndilo la msonkho wa anthu.

Mu November 2017 ofesi yosamala mirandu imeneyi inaulula kuti kuyambira 1997 panalipidwa madola opitirira 17 miliyoni pa mirandu yoposa 260. Si yonse inali ya kubvutitsa akazi ndi mau kapena macitidwe a dama. Ina inali ya malipiro ndi ya tsankho, ndipo ina inakhudza maofesi amene si a aphungu. Maina sanachulidwe. Posacedwa kunamveka kuti madola 84,000 anaperekedwa kwa mai wina amene anadandaula za phungu wa ku Texas, Blake Farenthold. Phunguyo anakana mlanduwo, nalonjeza kubweza ndaramazo, natula udindo wace mu April 2018, koma pambuyo pace anati sadzabweza.

Nanga cinsinsi cotere ncolungama kodi? Ocikira kumbuyo ali ndi zifukwa zosayenera kuzipeputsa. Amati munthu wozunzidwa ali ndi manyazi, ndipo akadziwa kuti nkhani yace idzalengezedwa, adzangokhala cete. Amatinso cipepeso si ciweruzo, pakuti wina amalipira pongofuna kuti phokoso lithe, ngakhale sanalakwe. Ndiponso lamulo lacisanu ndi citatu liletsa kuulula zolakwa zobisika za mnzako popanda cifukwa cokwanira, popeza mbiri ya munthu ndi cuma cobvuta kubweza cikatayika.

Zonsezi nzoona, koma mau akuti "popanda cifukwa cokwanira" ndiwo mutu wa nkhani. Pano zifukwa ziripo zitatu. Coyamba, ndarama ziri ndi mwini. Phungu ndi kapitao woikidwa kusunga nkhokwe ya anthu, ndipo kapitao sangatape cimanga usiku kukalipira mbuzi imene anaphera mnansi, naletsa eni nkhokwe kufunsa. Caciwiri, cinsinsi cimasiya ena pangozi. Mtsikana wolembedwa nchito mawa alowa m'ofesi yomweyo osadziwa kanthu, ndipo osankha aphungu aponya voti m'mdima. Cacitatu, wolakwa ndiye ayenera kubweza. Mlandu wolipidwa ndi ena sumuwawa mwini wace, ndipo cosawawa sicimphunzitsa munthu kuleka.

Cifukwa cace kuyenera kusiyanitsa zinsinsi ziwiri zimene kawirikawiri zimabvala copfunda cimodzi. Ciripo cinsinsi cocinjiriza wobvulazidwa, ndipo ici ndi nchito ya cifundo: dzina lace, mudzi wace ndi tsatanetsatane wa manyazi ace zikhale m'manja mwace, aziulule yekha akafuna. Ciriponso cinsinsi cocinjiriza wamphamvu, ndipo ici ndi cinyengo cobisala kuseri kwa cifundo. Kucuruka kwa ndarama, ofesi imene mlandu unacokera, ndi mtundu wa mlanduwo, izi nza anthu onse olipira msonkho. Pofuna cilungamo kwa woimbidwa mlandu, cilengezo cinenenso poyera ngati iye anabvomera kapena anakana, kuti cipepeso cisawerengedwe ngati ciweruzo.

Mu December 2018 Congress inasintha lamulo lija. Masiku okakamiza kudikira anacotsedwa. Phungu wocita yekha nkhanza zotere pa wanchito wace, kapena womlipsira cifukwa codandaula, ayenera kubweza ku Boma kucokera m'thumba lace. Ndipo malipiro otere ayenera kulengezedwa kwa anthu. Panapita zaka 23 kuti ici cicitike, ndipo cinacitika pokhapokha anthu atadziwa kucuruka kwa ndarama zao zimene zinapita. Pajatu akulu anati mlandu suola.

Wofuna mpando waukulu akumbukire kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Munthu wamba angathe kupepesana ndi mnzace kuseri kwa nyumba, mudzi osamva. Koma wolamulira ena, akalipira mlandu wace ndi thukuta la amphawi, wataya yekha ufulu wa kubisa, pakuti amene analipira ali nako kuyenera kwa kudziwa cimene analipirira.