Kodi Akufa Tingawanamizire?

Kuseri kwa mapiri athu a Thyolo, kumene dziko litsetsereka kunka ku chigwa cha Shire, kunali ufumu wa Lundu. Lundu ndi Kalonga anali a mtundu umodzi, Aphiri onse, koma mpando sudziwa chibale. M'chaka cha 1592 Azimba, amene akatswiri ambiri a mbiri amati anali ankhondo a Lundu, anagonjetsa Apwitikizi a ku Sena ndi ku Tete, nalasa ndi mivi wansembe wa chipani cha Dominiko Woyera, Bambo Nicolau do Rosário. Tsono m'chaka cha 1622 Muzura, amene ambiri amamuwerengera pa mzere wa Akalonga, anathyola mphamvu za Lundu mothandizidwa ndi Apwitikizi omwewo.

Zolembedwa zitiuza zochepa zotere. Zimene Lundu analankhula usiku woti mawa kuli nkhondo, palibe anazisunga. Apa ndipo alowera wolemba nthano: awapatsa mafumuwo mawu, nsanje, mantha ndi misozi. Kodi pochita izi salakwira lamulo lachisanu ndi chitatu, loletsa kunamizira mnzathu?

Ena ati akufa samva kuwawa. Ife Akatolika sitinganene choncho, pakuti timawapempherera mwezi wonse wa Novembala. Kwa Mulungu iwo ngamoyo, ndipo mbiri yawo idakali yawo. Taonani za Richard III wa ku England, amene anafera ku nkhondo ya Bosworth m'chaka cha 1485. Shakespeare, polemba mu ulamuliro wa mdzukulu wa mfumu imene inamgonjetsa, anamsandutsa chilombo cha linunda. Mafupa ake atapezeka ku Leicester mu 2012, anaonetsa msana wokhota ndithu, koma za mtima wake mafupa sananene kanthu. Komabe anthu akhulupirira sewerolo koposa mabuku a mbiri, chifukwa nthano yokoma imakhazikika m'mutu ngati nyimbo ya pamtondo.

Sinditi kupeka konse nkwabodza. Mneneri Natani anapeka nkhani ya munthu wosauka ndi kankhosa kake, ndipo ndi nkhani yopekayo anatsegula maso a mfumu Davide. Natani sanamsenzetse Davide tchimo la eni. Anangomsonyeza lake lomwe. Kusiyana kwagona pamenepo. Wolemba angathe kuyerekeza maganizo a Lundu kapena a Muzura monga mwa ntchito zawo zodziwika, koma akamuika m'manja mpeni umene sanaugwire, kuti bukulo ligulidwe kapena kuti mtundu wina uoneke wankhanza, wachita umboni wonama. Ndipo pa minda ya tiyi pano, pamene Alomwe, Amang'anja, Ayao ndi Angoni amatunga pa mjigo umodzi, bodza lonena za makolo silichedwa kufika pa adzukulu.

Chondidandaulitsa china nchakuti nthano zotere zimatanganidwa ndi mabwalo a mafumu, kuiwala mayi amene nkhokwe yake inatenthedwa. Amang'anja eni ake sanatero. Amene amkumbukira ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, ndi Mbona, wopempha mvula amene anaphedwa chifukwa cha kaduka. Bambo Matthew Schoffeleers, wa chipani cha Montfort, anasonkhanitsa nkhani zake zosiyanasiyana nazisindikiza mu 1992, ndipo Steve Chimombo anamlembera sewero, The Rainmaker, lotuluka mu 1978. Nkhanizo zimasemphana pa dzina la wakupha, koma zambiri zimvana kuti wophedwayo analibe mlandu.