Cimbala ca Iron Maiden: kodi zotsala n'zoyenela kugulitsa?

Nsima ikagona m'poto timaicha cimbala. Mlendo sitimupatsa, koma a pakhomo amaidya m'mawa popanda manyazi. Oimba naonso ali ndi cimbala cao: nyimbo zimene anajambula koma sanaziike pa alubamu, zoyesela cabe, za nthabwala, ndi za oimba ena zimene anaimba pofuna kusangalala. Nanga gulu lochuka likasonkhanitsa zotsalazi n'kuzigulitsa kwa anthu amene amalikonda kwambili, limakhala likuwapatsa ulemu kapena likuwadyela masuku pamutu?

Tiyeni tione nkhani ya Iron Maiden, gulu la heavy metal la ku England limene Steve Harris anayambitsa kum'mawa kwa London mu 1975. Mu 2002 gululi linatulutsa Eddie's Archive, bokosi lacitsulo lokhala ndi ma CD 6. Eddie ndi cilombo cojambula cimene cimaoneka pa zikuto za ma alubamu ao. M'bokosimo munali zimene wailesi ya BBC inajambula kuyambila mu 1979, konsati yonse ya ku Hammersmith Odeon ya mu 1982 imene inakhala zaka 20 isanatuluke yathunthu, ndi ma CD awili ochedwa Best of the 'B' Sides.

Kwa inu amene munakula ndi nyimbo za pa foni, dzina lomalizali lifunika kulimasulila. Kale nyimbo inali kugulitsidwa pa lekodi yaing'ono ya mbali ziwili. Mbali A inali ndi nyimbo yoti iulutsidwe pa wailesi. Mbali B inafunika kudzazidwa, ndipo kumeneko oimba anali kucita zimene afuna cifukwa panalibe wowayang'anitsitsa.

Wotsutsa anganene kuti nkhaniyi ndi ya ndalama cabe. Oimbawo anaweluza okha kuti nyimbozi n'zosayenela kukhala pa alubamu. Ngati zinali zacabecabe mu 1986, cinasintha n'ciani mu 2002? Amene amagula bokosi lotele si munthu wongodutsa. Ndi uja amene ali kale ndi ma alubamu onse, amene mtima sungamulole kusiya kanthu kolembedwa dzina la gulu lake. Cikondi cimafooketsa munthu pokambilana mtengo, ndipo wamalonda aliyense wa pa Soweto Market amadziwa zimenezi. Mfundoyi ndi yolimba, ndipo pali makampani a nyimbo amene iwayenela.

Koma tiyeni timvele zimene zili pa ma CD awiliwo. Pali "Cross-Eyed Mary" ya Jethro Tull, "Communication Breakdown" ya Led Zeppelin, "My Generation" ya The Who ndi "Doctor Doctor" ya UFO. Zonsezi ndi nyimbo za magulu amene anatsogola. Pa alubamu, Iron Maiden imamveka ngati inabadwa ili ndi mano kale. Pa mbali B timamva ana a sukulu akuchula aphunzitsi ao. Kuvomeleza poyela kuti luso lako unalitenga kwa ena ndi khalidwe labwino, ndipo si oimba onse amene amakwanitsa.

Palinso "Sheriff of Huddersfield", nyimbo yoseka manijala wao Rod Smallwood, amene anasamukila ku Los Angeles koma mtima unatsala kwao ku Huddersfield. Pali "Reach Out", imene amaimba ndi woliza gitala Adrian Smith m'malo mwa Bruce Dickinson. Pali mau a Paul Di'Anno, amene anaimba pa ma alubamu awili oyamba asanacoke mu 1981, ndi a Blaze Bayley, amene anaimba m'gululi kuyambila 1994 mpaka 1999, nthawi imene otsatila ambili anali kudandaula. Gulu lofuna kuoneka bwino cabe likanabisa zaka zimenezo. Iwo anaziika m'bokosi limodzi ndi zaka za ulemelelo.

Apa m'pamene pali cifukwa ceniceni cimene okonda gulu amafunila zotsala. Nyimbo yomalizidwa bwino imatigometsa, koma imatisiya patali. Zotsala zimationetsa kuti anthu awa anayesa, anatengela kwa ena, anaseka, ndipo nthawi zina anaphonya. Mnyamata wa ku Kanyama amene akuphunzila gitala yobweleka angathe kutaya mtima akamva "The Trooper". Akamva "Burning Ambition", ya pa mbali B ya lekodi yao ya mu 1980, amva anyamata amene akali kufunafuna njila, ndipo adziwa kuti naye ali pa njila yomweyo.

Conco kugulitsa cimbala si kulakwa. Kulakwa ndi kucicha nsima ya lelo. Iron Maiden inalemba pacikuto kuti izi n'za mbali B, ndipo wogula anadziwa cimene akugula. Cinyengo cimayamba pamene zotsala zikulengezedwa ngati cuma cobisika, kapena pamene nyimbo zakale zomwezo zikulongedzedwa kacitatu ndi kanyimbo kamodzi katsopano kuti munthu alipilenso.

Pali malile ena, ndipo awa akhudza ife omvela. Kukonda woimba sikutipatsa ufulu pa ciliconse cimene anajambula. Mu 1983, pambuyo pa konsati ina ku America, Steve Harris ndi woliza ng'oma Nicko McBrain anakangana koopsa cifukwa ca uthenga umene unasokoneza McBrain ali pakati poliza. Bruce Dickinson anajambula mkanganowo mobisa. Caka cotsatila unatuluka pa mbali B ya "2 Minutes to Midnight", ndipo otsatila amaseka nao mpaka lelo. Cimene cinasandutsa kujambula kobisa kukhala nthabwala ndi cakuti eni mkangano anali moyo, anaumva, ndipo gulu lenilenilo ndilo linautulutsa. Tepu yomweyo ikanabedwa, kapena ikanatuluka eni ake atamwalila, ikanakhala misece. Mukalandila pa WhatsApp nyimbo ya woimba wa kuno imene yatuluka mu situdiyo mwiniwake asanalole, funso ndi lomwelo: kodi wakupatsani ndi mwini mbale?

Ife a ku Zambia tidziwa mbali ina ya nkhaniyi, ya zimene zimacitika ngati palibe wosunga. M'zaka za m'ma 1970 tinali ndi WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, magulu a Zamrock amene magitala ao anali kulila molemela. Cuma ca dziko citagwa, malekodi anasowa ndipo matepu ambili oyambilila anatayika. Pamene kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso nyimbo za WITCH mu 2012, dziko linadabwa. Mu 2024 Tyler, the Creator anatenga cidutswa ca nyimbo ya Ngozi Family n'kuciika mu "Noid". Izi zinali nyimbo zimene zinatuluka pa malekodi, koma zinatsala pang'ono kuzimililatu. Nanga zoyesela zao, nthabwala zao za mu situdiyo, nyimbo zimene anakana? Iron Maiden inatha kusankha coti ionetse cifukwa panali amene anasunga. Ngati palibe cosungidwa, palibenso cosankha.

Ambili a inu mumajambula nyimbo m'kacipinda ka mnzanu ku Matero kapena ku Chawama, ndipo foni ikadzala mumafafaniza zimene mukuona kuti sizinakome. Musafulumile. Sungani penapake, lembani tsiku ndi maina a onse amene analipo, ngakhale uja amene munakangana naye n'kusiyana. Simukakamizidwa kuonetsa munthu aliyense. Koma pakapita zaka 20 mungadzafune kumva mmene munayambila, kapena mwana wanu angadzafunse. Tsiku limenelo ufulu wotsegula poto kapena kuisiya yovundikila udzakhala wanu, malinga ngati simunataye.