Mawu a Ghantasala ndi Funso la Ntchito Yopatulika

Ghantasala Venkateswara Rao, amene anabadwa mu 1922 m'mudzi wa Chowtapalli m'boma la Krishna ku India ndipo anamwalira ku Madras mu 1974, ndiye anapeka nyimbo za mafilimu otchuka a Chitelugu monga Pathala Bhairavi ya mu 1951 ndi Lava Kusa ya mu 1963, koma moyo wake umadzutsanso funso lakale la chipembedzo cha Chihindu, loti kodi ntchito yogwirira malipiro, m'malo a malonda ndi zisangalalo, ingakhale kupembedza kwenikweni.

Luso lake lalikulu linali kuimba mobisika, ndiko kunena kuti woimba amajambulitsa nyimbo mu situdiyo, kenako wosewera amangoyendetsa milomo pa kanema ngati kuti mawuwo ndi ake. Motero pamene wosewera N. T. Rama Rao ankaoneka atavala ngati mulungu Krishna kapena Rama, anthu m'nyumba zoonetsera mafilimu ankayang'ana nkhope ya munthu mmodzi uku akumva mawu a munthu wina amene sankaoneka n'komwe. Wina angatsutse kuti kudzipereka kogulidwa ndi mwini filimu sikungakhale kochokera mumtima, ndipo mfundoyi si yopepuka, popeza mawu omwewo amene ankatamanda milungu ankaimbanso nyimbo zachikondi m'malo mwa wosewera Akkineni Nageswara Rao.

Komabe buku la Bhagavad Gita, lomwe ndi zokambirana za Krishna ndi msilikali Arjuna nkhondo ili pafupi kuyamba, silipatula ntchito zina kuti ndizo zoyera, koma limayang'ana mtima wa wogwira ntchitoyo. Chiphunzitso chotchedwa nishkama karma chimafuna kuti munthu akwaniritse udindo wake mosamala popanda kukakamira phindu kapena ulemu wotuluka m'menemo, ndipo n'zovuta kupeza ntchito yofanana nacho kuposa ya munthu ngati Ghantasala amene amathira luso lake lonse, lomwe analiphunzira movutikira ku sukulu ya nyimbo ya ku Vizianagaram, mu nyimbo imene idzakometsa nkhope ya mnzake. Ulemu anaulandira ndithu, kuphatikizapo mendulo ya Padma Shri mu 1970 ndi udindo wa woimba wa kachisi wa ku Tirumala, choncho sikoyenera kumusandutsa woyera mtima wosadziwa kutchuka.

Kumapeto kwa moyo wake, thanzi likufooka, anajambulitsa ndime zosankhidwa za Gita m'Chisanskriti pamodzi ndi matanthauzo ake m'Chitelugu, ndipo apa sipanalinso wosewera woti abisale kumbuyo kwake. Chodandaulitsa n'chakuti m'madera ambiri a Andhra Pradesh ndi Telangana nyimbozi zimaulutsidwa kwambiri pa maliro, mwakuti ena akangozimva amaganiza kuti pamudzi pagwa zovuta. N'zoona kuti Gita imaphunzitsa kuti mzimu sufa pamodzi ndi thupi, ndipo ofedwa ali ndi chifukwa chomveka chopezeramo chitonthozo, koma Krishna ankalankhula ndi munthu wamoyo amene anataya mtima n'kuika uta pansi, ndipo cholinga chake chinali chakuti Arjuna adzuke n'kubwerera ku udindo umene ankauthawa.