Malaya Olankhulira Nyama: Mfundo Zofunika

1. Mawu achepe, zilembo zikule. Mu 1984 Katharine Hamnett, mayi wokonza zovala wa ku Britain, anakaonekera kwa nduna yaikulu Margaret Thatcher atavala tisheti yazilembo zikuluzikulu zakuda zotsutsa mizinga ya Pershing. Zilembozo anazikuza dala kuti ziwerengeke ngakhale pachithunzi cha m'nyuzipepala. Wofuna kulankhulira galu kapena bulu atengerepo phunziro. Wodutsa pamsika sangaime kuti awerenge ndime yonse pachifuwa cha munthu, ndipo ngati wovalayo ndi mayi, kuyang'anitsitsako n'kupanda ulemu.

2. Chithunzi chamagazi chili ndi malo ake. M'zaka za m'ma 1980 bungwe la Lynx linagwedeza malonda a majasi aubweya wa nyama ku Britain ndi chithunzi chojambulidwa ndi David Bailey, cha mkazi akukoka jasi lomwe likusiya mkukuluzi wa magazi pansi. Pachikwangwani chinagwiradi ntchito. Koma chikwangwani sichikwera minibasi, sichilowa m'chipatala, sichinyamula mwana. Malaya ochititsa nseru amavalidwa tsiku la chionetsero lokha, kenako amakagona m'sutikesi. Nkhope ya nyama yamoyo, ikukuyang'ana, imavalika chaka chonse.

3. Musasindikize zomwe simungaziikire umboni. Lynx yomweyo inatha italuza mlandu woipitsa mbiri womwe woweta nyama zaubweya wina anaisumira. Mfundo yake inali yabwino, ndipo pambuyo pake, mu 2000, nyumba ya malamulo inaletsa ulimi woterewu ku England ndi Wales. Koma khoti silifunsa za mtima wabwino.

4. Funsani komwe nsaluyo yasokedwa. Pa 24 April 2013 nyumba ya Rana Plaza ku Bangladesh inagwera osoka zovala, n'kupha anthu oposa 1,100. Tisheti yotchipa modabwitsa, wina wailipirira ndi thukuta lake. N'zochititsa manyazi kudandaulira mbuzi mutavala malaya omwe wosoka wake wagona ndi njala. Yang'ananinso zing'onozing'ono. Kapu yolembedwa kuti nyama zimamva ululu koma kalamba kake kakumbuyo kali kachikopa idzasekedwa, ndipo osekawo sadzalakwa.

5. Kwathu kuno uthenga timauvala kuyambira kale. Zipani, mipingo ndi mabungwe amasindikiza zitenje, ndipo chitenje chimafika komwe tisheti siifika: kuchigayo, kumjigo, kumaliro. Nkhanza zoti zilembedwepo sitichita kuziitanitsa kunja. Nkhuku zimapita kumsika zitamangidwa miyendo, mitu ili pansi, zikulendewera kuchiwongolero cha njinga. Mbuzi imanjatidwa pakaliyala, khosi litapindika, ikulira njira yonse. Tiana tagalu timagulitsidwa m'mphepete mwa msewu ku Lilongwe dzuwa likuswa mtengo, mchitidwe womwe bungwe loteteza nyama la LSPCA lakhala likulimbana nawo. Apa m'pofunika kusamala ndi mawu. Wonyamula nkhukuyo si mdani, akusaka ya sopo ndi ya fizi. Mukamulembera kuti ndi wankhanza adzakutukwanani n'kupalasa njinga yake. Mujambulireni nkhuku zitakhala m'dengu, mulembe kuti zonyamulidwa bwino zimafika zamoyo. Phindu lake aliwerengera yekha. Ndipo lembani m'Chichewa, chifukwa Chingerezi chapachifuwa ambiri amachiona ngati maluwa a nsalu basi. Kaunjika anatizolowetsa kuvala mawu omwe sitiwawerenga.

6. Wovala akhale ndi yankho. Wina akafunsa kuti, "Nanga galu wanga ndikamubayitse kuti katemera wa chiwewe?", kungomwetulira sikuthandiza. Nambala ya foni kapena tsiku la katemera zikhale pansalu pomwepo.

7. Osagawa mwachisawawa. Tisheti yaulere imalimbiranidwa pamsonkhano, mawa lake muipeza kudimba, itavalidwa ndi mnyamata akukwapula ng'ombe zapangolo. Ndi bwino kusindikiza makumi asanu n'kuwapatsa alangizi a ziweto, aphunzitsi ndi mafumu omwe mwakhala nawo pansi n'kukambirana, kusiyana ndi kumwaza mazana asanu pagulu. Musanamupatse munthu, mufunseni ngati galu wa kunyumba kwake wamwa madzi lero.