KODI MALIPIRO ATSATA CHIKALATA KAPENA NCHITO?

Pa madoko a Msaka, Chembe ndi Malindi, injini ya boti ikafa m'bandakucha, mwini wake safunsa kuti ndani ali ndi setifiketi. Afunsa kuti ndani angathe kuidzutsa. Kawirikawiri amene abwera ndi sipanala m'manja ndiye mnyamata wosapondapo pa sukulu ya umisiri. Anayamba ali wamng'ono kutsuka zitsulo m'galaja ndi kupatsira mkulu wake zida, ndipo lero azindikira nthenda ya injini pakungomva kulira kwake. Koma mwezi ukatha, mwini galaja amlipira monga sipanalaboyi. Chimodzimodzi pa nyumba za alendo zimene zimangidwa m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku boma la Mangochi kufikira ku Monkey Bay: alipo anthu amene aimika khoma loongoka ndi kulipaka pulasitala, pamene m'buku la kapitao dzina lao liri pa mndandanda wa madakaboyi.

Kodi chimenechi ndi chilungamo? Olemba nchito ali ndi mayankho atatu, ndipo lirilonse liyenera kuyesedwa mofatsa.

Yankho loyamba ndilo lakuti munthuyo alibe chikalata. Kunena zoona, chikalata si chinthu chachabe. Amene anakhala zaka pa sukulu ya umisiri anataya ndalama ndi nthawi, ndiponso anaphunzira zifukwa za zinthu zimene mnzake angozichita mwa chizolowezi. Chikalata chitchinjiriza ngakhale moyo wa anthu, pakuti waya wa magetsi wolumikizidwa molakwa aotcha nyumba, ndipo boti lokhomedwa mosasamala limiza asodzi pa nthawi ya mwera. Koma chikalata ndi mboni ya luso. Si luso lenilenilo iai. Tsono wolemba nchito ayenera kusankha chimodzi. Ngati sakhulupirira dzanja la munthuyo, alakwira eni injini pakumpatsa nchito imene sangaithe. Ngati alikhulupirira, ndiye kuti iye mwini wachitira kale umboni luso lake, ndipo sangalikane pa tsiku lolipira. Mwini boti amlipiritsa mtengo wa mmisiri, koma mmisiriyo ampatsa malipiro a wothandizira. Ndalama yotsala pakatipo ili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo si iye amene waisunga m'thumba.

Yankho lachiwiri ndilo lakuti munthuyo anabvomera yekha. Papa Leo XIII anayankha kale mau amenewa m'chaka cha 1891, m'kalata yake yochedwa Rerum Novarum. Iye anaphunzitsa kuti pamwamba pa mapangano a anthu awiri pali lamulo la chilungamo limene liposa mapanganowo, ndi kuti wanchito akalola malipiro opere chifukwa cha usiwa kapena mantha, walola mokakamizidwa. Munthu amene ana ake agona ndi njala, amenenso adziwa kuti pa chipata pali anzake khumi oyembekeza malo ake, sakambirana mtengo. Angolandira chimene ampatsa. Kubvomera kotere sikuyeretsa dzanja la wolipirayo.

Yankho lachitatu ndilo lakuti, "Ndinamphunzitsa ndine." Apa pali choona ndithu. Mmisiri amene atenga mwana wa mnzake, namlola kuononga matabwa ndi simenti pophunzira, ali ndi ufulu wa kumlipira pang'ono m'masiku a kuphunzirawo, ndipo wophunzirayo ayenera kumthokoza moyo wake wonse. Koma kuphunzira kuli ndi malekezero ake. Mnyamata amene asiyidwa yekha pa nchito, bwana wake ali ku Namwera kapena ku Balaka, salinso wophunzira. Ngongole ya kuthokoza siyenera kusanduka goli la zaka khumi.

Akuluakulu a dziko lino aidziwa bwino nkhani imeneyi, pakuti ambiri a iwo, kapena atate ao, anakagwira nchito ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni. Ku South Africa lamulo la migodi la 1911, limene analilimbitsa m'chaka cha 1926, linasungira Azungu nchito za umisiri. Ku Southern Rhodesia lamulo la 1934 la mapangano a anchito silinawerenge munthu wakuda m'gulu la anchito otetezedwa. Kotero munthu wa kuno ankagwira nchito ya mmisiri, nalandira malipiro a lebala, pamene wina woimirira pambali ankalandira malipiro a umisiriwo. Mpanda wa masiku amenewo unali khungu. Chikhala chamanyazi ngati ana a anthu omwewo amanga mpanda wina wa pepala, natsekera nao abale ao.

Malamulo a Malawi sali chete. Malamulo akulu a dziko a 1994, pa gawo 31, apatsa munthu aliyense ufulu wa malipiro oyenera ndi ofanana pa nchito yolingana mtengo, ndipo lamulo la za kulemba nchito la 2000 libwereza zomwezo. Koma lamulo silifika m'galaja iliyonse. Chimene chifikako ndicho chikumbumtima. Chifukwa chake katekisimu iwerenga kumana wanchito mphotho yake pakati pa machimo ofuulira kumwamba, monga aphunzitsa buku la Deuteronomo pa mutu 24 ndi kalata ya Yakobe Woyera pa mutu 5.

Wanchito nayenso ali ndi udindo wake. Asadzitche mmisiri pa chinthu chimene sachidziwa, pakuti wolandira ndalama ya denga limene lidzadontha mvula yoyamba ali wakuba monga womana uja. Ndiponso asanyoze mayeso. Kwa zaka zambiri Unduna wa za Nchito unkayesa amisiri pa magiredi 3, 2 ndi 1, ndipo bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, linatsegula njira yoyesa luso limene munthu analipeza pa nchito, osati m'kalasi. Bwana wolungama ampatsa wanchito wake masiku a kukalemba mayesowo, ngakhale adziwa kuti pobwerako adzafuna malipiro okwera. Bwana amene ambisira njirayo aonetsa poyera chimene afuna: luso lotsika mtengo.

Mau amenewa sali a eni mahotela ndi magalaja okha. Akristu akamanga chalichi cha nthambi, kapena nyumba ya mphunzitsi, nthawi zina aitana mmisiri wa m'mudzi wopanda chikalata, namuuza kuti alandire pang'ono popeza ndi nchito ya Mulungu. Mphatso ikhala mphatso ngati mwini wake aipereka yekha, atadziwa mtengo weniweni wa nchito yake. Tsono akulu a mpingo ayambe amuuza mtengowo, namlipira wonse. Pambuyo pake iye mwini adzasankha chimene adzaponya m'mbale ya chopereka tsiku la Mulungu.