LONJEZO LA PA CISANKHO NDI NJANJI YA KU BUCKINGHAMSHIRE

M'caka ca 2010 Boma la Britain linaonetsa mapu a njanji yatsopano, dzina lace HS2, yoti sitima zaliwiro lalikulu zidziyendamo kucokera ku London kunka ku Birmingham. Njirayo inalembedwa kupyola m'mapiri a Chiltern, m'cigawo ca Buckinghamshire, dera la minda ndi nkhalango zakale. Eni deralo anadandaula kwambiri, pakuti sitimazo sizikanaima pa midzi yao: iwo akanangolandira phokoso ndi pfumbi, pamene phindu likanapita kwa a m'mizinda ikuluikulu. Pa nkhani imeneyi pabuka funso loyenera kulingaliridwa kuli konse kumene anthu asankha atsogoleri: kodi munthu wofuna mpando angalonjeze cinthu cimene mpandowo ulibe mphamvu yakucicita?

Poyamba pafunika kudziwa kumene mphamvu inali. Khonsolo ya cigawo iyang'anira miseu, masukulu ndi cisamaliro ca okalamba. Koma njanji ya dziko lonse iri m'manja mwa Nyumba ya Malamulo ku Westminster. M'Nyumbamo zipani zitatu zazikuru, Conservative, Labour ndi Liberal Democrats, zinagwirizana, ndipo mu April 2014 aphungu 452 anabvomera bilu ya njanjiyo, okana anangokhala 41.

Komabe ku midzi njanji inasanduka nyambo yokolera mavoti. Pa cisankho ca makhonsolo mu May 2013, cipani ca UKIP cinatsutsa HS2 kolimba, cinapata mipando 6 mwa 49 ya Buckinghamshire, cingakhale cipani comweco m'caka ca 2010 cinali citapempha njanji zitatu za mtundu womwewo. Mu June 2021 Mai Sarah Green a Liberal Democrats analanda mpando wa phungu wa Chesham and Amersham, umene unali wa Conservative kuyambira 1974. Iwo anatsutsa njanjiyo, pamene cipani cao ku London cinali kuibvomereza.

Alipo amene anena kuti palibe colakwa apa. Iwo ati wosankhidwa ndiye pakamwa pa anthu ace, ndipo mwana akalira salirira cabe, ngakhale amene amlirirayo alibe comupatsa. Mau amenewa ali ndi coonadi. Anthu amene minda yao idulidwa pakati ayenera kukhala ndi wowalankhulira, ndipo voti ndiyo mpfuu ya munthu wamba. Koma kunena kuti munthu adzatsutsa ndi kwina, kunena kuti adzaletsa ndi kwinanso. Woyambayo alonjeza khama lace, limene ali nalo. Waciwiriyo alonjeza mphamvu ya eni, imene alibe. Ndipo wonyenga sali yekhayo wonena bodza poyera ai, komanso iye amene aona kuti anthu amumva molakwa, nakhala cete cifukwa kulakwako kumpindulira. Cimodzimodzinso cipani cimene cilankhula ndi pakamwa pawiri, kwinaku cibvomera, kwinaku cikana, cifesa kusakhulupirirana. Akulu anati mapanga awiri abvumbwitsa.

Njira yoongoka inaoneka m'cigawo comweco. Mai Cheryl Gillan, phungu wa Conservative wa Chesham and Amersham kuyambira 1992 kufikira imfa yao mu 2021, anakana biluyo m'Nyumba ya Malamulo pamaso pa atsogoleri a cipani cao. Mau ao ku mudzi ndi mau ao ku London anali amodzi. Makhonsolo naonso anapanga bungwe la 51m, motsogozedwa ndi Buckinghamshire, ndipo ena mwa iwo anatengera mlandu ku Bwalo Lalikulu koposa, kumene unawagomera mu January 2014. Sanaleke pomwepo, koma iwo ndi anthu a m'midzi anapereka madandaulo ao ku komiti ya aphungu, ndipo mu 2015 kunabvomerezeka kuti ngalande ya pansi pa mapiri a Chiltern italikitsidwe. Ngalandeyo ndi ya makilomita 16. Phindu limeneli ndi locepa poyerekeza ndi cimene anthu anafuna, koma ndi loona.

Lamulo la njanji linakhazikika mu 2017, ndipo mu 2020 Boma linalamula kuti nchito ipitirire. Pamene Nduna Yaikuru Rishi Sunak inadula gawo la ku Manchester mu October 2023, inanena za kukwera kwa mtengo wace. Gawo lopyola Buckinghamshire linatsala. Palibe khansala amene anaimitsa sitima.

Cotero udindo uli pawiri. Wofuna mpando anene poyera malire a mphamvu yace, ngakhale kutero kumtayitse mavoti, pakuti lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Wosankha nayenso asakonde mau ozuna koposa mau oona. Afunse ngati cinthuco ciri m'manja mwa khonsolo, afunsenso cimene cipani ca munthuyo cinena ku likulu. Anthu akapusitsidwa kawiri katatu aleka kuponya voti, ndipo pamenepo khonsolo imene isamala miseu yao, ana ao ndi okalamba ao itsala m'manja mwa owerengeka.