Cholakwa Chomwe Chinagona Zaka 15

Mu Malichi 2021 katswiri wina wa kampani ya GRIMM ku America, Adam Nichols, anaulula kuti wapeza zolakwika zitatu mkati mwa kernel ya Linux, m'chigawo chotchedwa iSCSI. Zolakwikazo zinalowamo mu 2006. Kwa zaka 15 makina osawerengeka ankayaka ndi kuzima zili momwemo, popanda wozitchula. Kuno ku Dedza nkhaniyi inadutsa mwakachetechete, koma ine inandigwira pawiri, chifukwa mkati mwa sabata ndimasamalira maseva a maofesi angapo pa boma pano, ndipo Lamulungu ndimakhala kutsogolo ndi akulu a mpingo anzanga a CCAP.

Kernel ndi pulogalamu yomwe ili pansi pa mapulogalamu ena onse. Ndiyo imagawa memory, imauza disiki choti ilembe, imatumiza uthenga pa netiweki. Ya Linux anaiyamba ndi Linus Torvalds mu 1991 akadali wophunzira ku Helsinki, ndipo lero ili m'foni iliyonse ya Android yomwe amayi ogulitsa kachewere pa Bembeke amalandirira maoda. Makompyuta okhudza pagalasi omwe Gerry Douglas ndi bungwe la Baobab Health anayamba nawo ku chipatala chachikulu cha Lilongwe mu 2001, amene pambuyo pake anasunga mbiri ya odwala olandira ma ARV m'zipatala zambiri, ankadalira maseva a Linux yomweyo. Mkati mwa kernel muli timagawo totchedwa driver, kalikonse kodziwa kulankhula ndi chipangizo chake. Ntchito ya iSCSI ndi yochititsa kuti kompyuta ione disiki yomwe ili m'makina ena, kutsidya kwa waya wa netiweki, ngati ili m'mimba mwake momwe. Ndi njira yotsika mtengo yosungira mafayilo a ofesi yonse malo amodzi, n'chifukwa chake timaikonda ife ogwira ntchito ndi ndalama zoperewera.

Cholakwika chachikulu mwa zitatuzo n'chosavuta kuchimva. Kernel inkapatula malo a ma byte 4,096 oti ilembepo mawu ena, koma mzere wa pulogalamu wolembawo sunkayeza kaye kutalika kwa mawuwo. Zili ngati kukhuthulira thumba lathunthu la kachewere mu ndowa ya malita 20: zotsala zimagwera pa mulu wa mnzako woyandikana nawe pamsika. Munthu wodziwa akanatha kusankha bwino zoti zisefukirezo, n'kuzigwetsera pamalo pomwe zikanamusandutsa mwini makina, ngakhale analowa ngati wogwiritsa ntchito wamba. Choopsa china n'chakuti pa makina ambiri chigawochi chinkatha kudzuka chokha chikaitanidwa, ngakhale mwini wake sanagwiritsepo iSCSI chibadwire.

Funso lomwe linandisowetsa tulo ndi ili: munthu amene analemba mzere umenewu mu 2006, ali ndi mlandu kodi? Sanafune kupweteka aliyense. Analemba monga anzake a nthawiyo ankalembera, anzake ena anawerenga n'kuvomereza, ndipo ntchito yake inatumikira anthu bwinobwino. Komabe khomo linali lotsegula zaka zonsezo, ndipo linatsegulidwa ndi dzanja lake.

Ndinakafunsa abusa athu tsiku lina titamaliza zokambirana za mpingo. Ndinati, "Abusa, munthu akalakwa asakudziwa, ndipo palibe amene wapwetekeka, kumeneko n'kuchimwa?" Iwo anaseka pang'ono n'kuti, "Akulu a mpingo, kawerengeninso Levitiko mutu 4 ndi 5, mukabwere tidzacheze." Mitu imeneyi ambiri timaidumpha chifukwa ndi ya ng'ombe, mbuzi ndi magazi a paguwa. Koma nkhani yake ndi yomweyi. Ikukamba za wansembe, za mtsogoleri, za munthu wamba, ngakhale za khamu lonse, pamene achita choletsedwa mosazindikira. Lamulolo silikuti palibe kanthu popeza sanadziwe. Silikutinso amuchotse pakati pa anthu. Likuti cholakwacho chikadziwika, pamenepo pali choyenera kuchita. Ndipo pa Numeri 15 wolakwa mosadziwa akusiyanitsidwa ndi wochita dala modzikuza, amene chilango chake n'china.

Ndinadabwa kuona kuti anthu osamalira kernel, ambiri mwa iwo osapita n'kutchalitchi komwe, amayenda m'njira yomweyi. Zolakwika za iSCSI zija anazikonza ndi Chris Leech ndi Lee Duncan, omwe ankasamalira chigawocho mu 2021. Sanapite kukasaka wolemba wa 2006 kuti abwere adzakolope yekha. Chinthucho chinali m'manja mwawo, choncho ngongole yokonza inali yawo. Mwambo wawo ndi wakuti chokonza chilichonse chimanena poyera vuto lomwe chikuchotsa, chimatchula dzina la amene analipeza pomuthokoza, ndipo wokonzayo amasaina dzina lake, mwambo womwe unakhazikitsidwa mu 2004. Kawirikawiri amaonjezerapo mzere woloza kusintha kwakale komwe kunabweretsa vutolo, kuti osamalira makernel akale, monga Greg Kroah-Hartman, adziwe kuti mankhwalawo afike mpaka pati. Mbiri safufuta. Mzere wolakwika uja ndi dzina la mwini wake aliyense angathe kuziona mpaka lero. Koma dzinalo lili pamenepo kuti lithandize kulondola vuto, ndipo mwini wake akhoza kutumiza ntchito ina mawa n'kulandiridwa.

Kuti si anthu olekerera zinaoneka mwezi wotsatira womwe. Mu Epulo 2021 panabuka mkangano ndi ofufuza a University of Minnesota, omwe m'mbuyomo anatumiza dala zokonza zokhala ndi zolakwika pofuna kuona ngati angagwidwe. Kroah-Hartman anatseka khomo kwa yunivesite yonse, ndipo ntchito zomwe anthu ake anatumiza kale zinaunikidwanso chimodzichimodzi. Cholakwika cha zaka 15, chomwe chikanapereka makina kwa wakuba, sichinachotsetse munthu aliyense. Chinyengo chadala, ngakhale chinachitika m'dzina la maphunziro, chinachotsetsa sukulu yathunthu.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa ndikayang'ana kwathu. Ife chinthu chikaonongeka, funso loyamba ndi lakuti ndani. Ndinakulira kufupi ndi Linthipe, ndipo ndikukumbukira mwana akatupa miyendo ndi nkhope akuluakulu ankati ndi mdulo: wina m'nyumbamo sanadzisunge pa nthawi yoyenera, kapena mayi wathira mchere m'ndiwo ali kumwezi. Sindinyoza makolo athu pa ichi. Anazindikira chinthu choona, chakuti zomwe munthu wachita kumbali zimatha kugwera wosalakwa, ndipo wosalakwayo nthawi zambiri ndi wamng'ono. Katswiri wa kernel aliyense angavomereze zimenezi. Koma kufufuzako kunkathera pa munthu woti anyozedwe, kawirikawiri mayi, pamene mwanayo ankafunika phala la soya ndi nsinjiro ndiponso kuonedwa kuchipatala. Lamulo loletsa kunena munthu kuti ndi mfiti lilipo m'dziko muno kuyambira 1911, koma agogo akumenyedwabe m'midzi mwana akamwalira mwadzidzidzi.

Ndipo mu mpingo sitinapite patali monga timaganizira. Ndakhala m'bwalo la akulu a mpingo nthawi yokwanira kuona kuti milandu yomwe imatifika ndi yooneka ndi maso. Mtsikana akatenga pathupi amaimitsidwa ku mgonero, chifukwa mimba siibisika. Ndalama za chitukuko zikamalembedwa molakwika chaka ndi chaka, osati mwakuba koma chifukwa msungichuma woyamba anayala buku lake mokhota ndipo omutsatira anangotengera, amene wazindikira amakhala chete. Akudziwa kuti akayankhula, anthu samva kuti buku lili ndi vuto. Amva kuti iye akuti bambo uje, amene anatumikira mokhulupirika mpaka kumwalira, anali wakuba. Ndiye pofuna kusunga ulemu wa malemu, timasunga ndi cholakwika chomwe. Wopeza vuto kwathu kuno sathokozedwa ndi dzina, amatchedwa wofukula za kale.

Ndikudziwa chomwe wina anganene, ndipo abusa ananenadi titakumananso: mtima wa munthu si pulogalamu. Mzere wolakwika ukakonzedwa nkhani yatha, koma munthu amene wapwetekedwa ndi kusadziwa kwa mnzake safuna chokonza chokha, amafuna kumva kuti pepani. N'zoona, ndipo pamenepa Levitiko akupitirira anthu a kernel, pakuti iye akufuna wolakwayo abwere yekha ndi nsembe m'manja, ndipo ngati anaononga zopatulika abweze n'kuonjezerapo limodzi la magawo asanu. Sindikuti tisiye kulapa. Ndikuti kulapa kumatheka pokhapokha pamene kuvomera sikupha munthu. Wolemba wa 2006 atafunsidwa lero akhoza kunena mosaopa kuti inde, mzerewo ndi wanga, chifukwa akudziwa kuti anzake sadzamuyesa mdani. Msungichuma wathu wa lero sangathe kutero, ndipo amene tamutsekera pakamwa ndife a bwalo.

Yankho langa tsono ndi lakuti cholakwa chosadziwika ndi cholakwa ndithu, pakuti khomo lotsegula ndi lotsegula ngakhale wakuba asanadutsepo. Koma mlandu wake umagona mpaka tsiku lodziwika, ndipo ukadzuka umagwera amene wagwira chinthucho tsiku limenelo. Mfundo imeneyi ikumveka yopepuka kwa wolemba wakale uja, koma kwa ine ndi yolemera kwambiri. Mu Febuluwale 2021 maseva omwe ndimasamalira anali ndi zolakwika zitatuzo ndipo ndinalibe chifukwa. Mu Malichi chokonza chitatuluka, ndipo njira yolowera itafotokozedwa poyera kwa aliyense wofuna kuiwerenga, seva iliyonse yosakonzedwa inasanduka mlandu wanga. Leech ndi Duncan anachita mbali yawo ali kutali, koma ntchito yawo singakwere yokha phiri la Dedza. Pamafunika munthu wogula bandulo, wodikira kuti magetsi akhazikike, wopempha abwana kuti ntchito iime Loweruka masana, woyatsanso makina mtima uli m'mwamba kuti mwina disiki ya kutsidya kwa waya ija sionekanso. Kuzizira kwa Juni kuno kumathandiza makina kuti asatenthe, koma zala zimauma pa kiyibodi m'kachipinda kopanda zenera, ndipo palibe amene adzadziwe kuti munakhalamo, chifukwa ntchitoyi ikayenda bwino Lolemba aliyense amapeza mafayilo ake monga anawasiyira.

Pali seva imodzi yomwe sindinathe kuikonza. Ili mu ofesi ina pa boma pano, ndipo imayendera CentOS 6, yomwe inasiya kulandira zokonza pa 30 Novembala 2020, miyezi yochepa nkhani ya iSCSI isanatuluke. Pulogalamu yomwe ofesiyo imadalira siyenda pa makina atsopano, ndipo amene anailemba anachoka kalekale. Ndinatseka chigawo cha iSCSI kuti chisamadzuke chokha, ndinachotsa maakaunti onse osafunika, ndinaichotsa pa intaneti. Zimenezi zachepetsa ngozi koma mzere wa 2006 uja ukadali momwemo. Mu lipoti lililonse lomwe ndimapereka kwa abwana a ofesiyo ndimalemba ndime yomweyomweyo, yonena vutolo, chaka chomwe linalowa, ndi mtengo wa seva yatsopano pamodzi ndi wolembanso pulogalamuyo. Mtengowo ndimausintha kwacha ikagwa. Iwo anandifunsapo kuti, "Achimwene, ndime imeneyi simutopa nayo?" Ndinawayankha kuti ndidzaichotsa tsiku lomwe tidzazimitse makinawo, ndipo anati aiika mu bajeti ya chaka chamawa.